Malikisi Awiri a Amayi

LOLEMBA

Tchuthi chayamba! Masiku asanu osaona ofesi. Abwana akuganiza kuti ndikukapuma, koma ine ndili ndi zanga mumtima.

Loweruka ndi chinkhoswe cha mng'ono wanga Tadala, pabwalo la nyumba yathu ya lendi kuno ku Chilomoni. Komiti yandipatsa ulembi. Amayi akuti, "Poti umangokhalira kudina kompyuta, dinako zothandiza." Ndavomera, koma zoimbira foni mtundu wonse mmodzimmodzi, ayi. Ndakonza pulogalamu ya AI pa laputopu. Ndizingoilamula pa foni, iyo izigwira ntchito. Amayi aipatsa kale dzina: a Kalaliki.

A Kalaliki ndawapatsa zida zinayi. Mkati mwa chida saonamo. Amangowerenga mawu amene ndalemba ofotokoza ntchito ya chidacho, n'kusankha okha choti agwiritse. Malongosoledwe akakhala olongosoka, ntchito imayenda. Akakhala opotoka, a Kalaliki amapotoka nawo, mwachangu komanso mwaulemu. Kuchonga malongosoledwe otere ndiyo ntchito imene imandidyetsa, ndipo Lolemba likubwerali ndikaima pamaso pa abwana ndi anzanga kukawatsimikizira mfundo yanga yakalekale, yoti malongosoledwe abwino ndi aafupi. Chinkhoswechi ndicho chikhale umboni wanga.

Fomu yochongera ndasindikiza. Malikisi a lero, pa khumi:

1. Chida cha njira. "Chimapereka njira yopita kumalo a mwambo." Chaudongo! 10.
2. Chofufuzira mayina. "Chimapeza munthu pa m'ndandanda wa alendo." 10.
3. Chogawira ntchito. "Chimauza munthu choti abweretse." 9. Ndadzidula pang'ono kuti ndisaoneke wokondera.
4. Chotumizira uthenga kwa onse. 2.

Chachinayichi si ine ndalemba. Amayi anagwira ntchito zaka zambirimbiri pa switchibodi ya kampani ina ku Limbe, kulumikiza mafoni a mabwana, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti foni iliyonse ya m'Blantyre muno imayenera kudzera kwa iwo. Atangomva kuti pali chida cholankhula ndi abale onse nthawi imodzi, ati, "Chimenecho ndilongosola ndine." Ine ndili kubafa, akhazika Tadala pa laputopu, iwo kulankhula, iye kulemba. Ndikutuluka, masamba awiri athunthu! Poyambira pake: "Mwaswera bwanji a Kalaliki? Ine ndine mayi wake wa mwana amene wakulembani ntchitoyu. Khalani pansi timvane."

Kupereka moni kwa pulogalamu! Ndawerenga mizere itatu, ndatseka. Malikisi awiri: ena a moniwo, enawo poti ndi amayi anga. Ndikapeza mpata iwo kulibe, ndichotsa zonsezo n'kuikapo mawu anayi: "Chimatumiza uthenga kwa onse."

Choti ndisaiwale sabata ino: AMALUME A KU BANGWE. Ndi mchimwene wawo wa Amayi, ndiponso nkhoswe ya Tadala. Popanda iwo palibe wolandira tambala, palibe chinkhoswe. Pa chinkhoswe cha msuweni wathu Mphatso nthawi inasintha, iwo n'kumvera pa meseji ngati mlendo wamba. Anasamba, anavala suti, anakhala pakhonde pawo tsiku lonse akumvera wailesi. Sanabwere. Mwambo unaimitsidwa, ndipo mpaka pano Mphatso akamva dzina lawo amayamba kusasa mawu. Tadala akuti, "Achemwali, china chilichonse chilakwike, koma Amalume abwere."

Abwera. Chaka chino pali dongosolo.

LACHIWIRI

M'mawa. Mwini tenti akutumiza lole kudzatula mapaipi. Dalaivala wafunsa njira pa meseji, a Kalaliki amuyankha ine ndisanamalize kupaka majarini pa buledi. Ndi zimenezo! Ndamuonetsa Tadala. Ndawaonetsanso Amayi, iwo angoti, "Mhm."

Cha m'ma 10 koloko. Foni. Dalaivala uja: "Mayi, lole yanga ilibe mapiko."

Njira imene tinasunga m'chidamo analemba ndi Tadala, ndipo ndi imene tonse timadzera. Ukatsika minibasi pa siteji, umalowa kanjira ka pakati pa saluni ndi wokazinga tchipisi, n'kuwoloka kamlatho ka matabwa, n'kukwera masitepe a matayala. Lole yalowadi kanjirako. Yafika pa kamlatho. Kutsogolo madzi, kumbuyo chiwaya.

Zimene ndaona ndi maso anga:
lole ikubwerera cham'mbuyo, pang'onopang'ono, ola lathunthu;
wokazinga tchipisi atanyamula chiwaya chake chamoto, akutukwana mosatchula dzina;
amayi atatu a mu saluni, tsitsi theka lomanga theka losamanga, akulondolera dalaivala aliyense mbali yake;
ine, nditaima poteropo ngati sindikudziwapo kanthu.

Masana. Ndawafunsa a Kalaliki chifukwa chimene apatsira lole njira ya miyendo. Akuti, "Malongosoledwe sakunena kuti njirayi ndi ya oyenda pansi." Ndalemba kuti, "Koma aliyense amadziwa!" Ndafufuta ndisanatumize. Aliyense wake uti? Iwowa sanapondepo ku Chilomoni.

Chida cha njira: 10 wasanduka 6. Si mfundo yanga yalakwa, ndi mawu awiri okha amene anasowa. Ndiwonjezera mawa.

Madzulo. Ntchito ina yosavuta, kuti mtima ukhale pansi. Pa chinkhoswe mbali ya mwamuna imabweretsa tambala, ife akuchikazi timapereka thadzi. Ndalamula: "Uzani Amake Chisomo abweretse thadzi." Ayankha kuti zatheka. Mwaona? Zikafupika zimayenda.

LACHITATU

Nkhuku.

7 koloko: odi! Amake Chisomo a ku Ndirande, amene amaweta nkhuku, amene ndimanena ine. Thadzi lofiira kukhwapa. Ndadabwa pang'ono poti mwambo ndi Loweruka, koma chida changa sichifunsa za tsiku, chimangoti bweretsani. Chabwino.

8 koloko: odi! Amake Chisomo a ku Zingwangwa, anzawo a Amayi a kukwaya. Thadzi lakuda. Akuti, "Pa anthu onsewa mwasankha ine? Ndagona ndikumwetulira."

Hafu pasiti 9: odi! Amake Chisomo a ku Chemusa, amene adzamange tsitsi la Tadala. Saweta nkhuku, achita kukagula. Thadzi lamawangamawanga, lamwano.

Pa m'ndandanda pali Amake Chisomo atatu. Ndimadziwa. Tonse timadziwa, timangowasiyanitsa ndi kumene amakhala. Chida chofufuzira chawapeza onse atatu, ndipo poti sindinalembe choti chichitike mayina akafanana, chogawira ntchito chawauza onse. Safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo ndine, chifukwa sindinawauze a Kalaliki kuti kufunsa n'kololedwa.

Nkhuku ya mphatso sibwezedwa. Amayi alandira zonse zitatu ndi manja awiri, aliyense amuthokoza payekha ngati ndiye yekhayo, ndipo aonetsetsa kuti wina atuluke wina asanakhazikike. Luso la pa switchibodi. Atatseka geti andiyang'ana, ati, "Akugwira ntchito a Kalaliki."

Nkhuku zili m'kachipinda kosungira makala. Lamawanga lathawa kawiri. Kachiwiriko ndalipeza litakhala m'chikwama cha laputopu, ndipo litachoka munali dzira lofunda.

Malikisi: chofufuzira 4, chogawira ntchito 4. Mtima ukundiwawa, kunena zoona. Mawu amenewa ndinawasema bwinobwino, ndinkawanyadira.

Chakumadzulo. Amayi apita kukwaya. Mpata uja! Ngati zida zanga zitatu zikupunduka chonchi ndi mzere umodzi umodzi, nanga cha masamba awiri chidzachita zotani? Ndatsegula, ndafufuta nkhani yonse ya Amayi, ndaikapo mawu anga anayi. Ndikuti ndidine posungira, magetsi phethi! Laputopu yanga batire inafa kalekale, yazimira limodzi. Ndikukhulupirira kuti ndinadina. Ndinadina ndithu.

LACHINAYI

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chabwera ndi hutala. 6 koloko m'mawa, lole ziwiri pageti. Alandilodi akumanga nyumba ina kuseri, ndipo njerwa ndi mchenga azitsitsira pabwalo, penipeni pamene timati tiike tenti. Akuti, "Ndinaiwala kuti ndi sabata ino. Muzikhalira pomwepo, njerwa ndi mipando yomwe." Tadala wadzitsekera kuchipinda.

Komiti yakumana mwadzidzidzi pakhonde. Kochitira kwina ndi kumodzi kokha: kwa Azakhali ku Machinjiri, mlongo wawo wa malemu Bambo. Bwalo lalikulu, lathyathyathya, lampanda. Vuto ndi loti Azakhali ndi Amalume sanamwerane madzi chiyambire maliro a Bambo. Aliyense wangokhosomola, palibe watchula. Tagwirizana za ku Machinjiri. Amayi ndi Tadala anyamuka kukaona bwalolo, ine andituma ku Limbe kwa telala kukatenga madiresi.

Mu minibasi, ndikulemba pabondo. Foni yatsala pang'ono kuzima, usiku wonse kunalibe magetsi. Anthu akuyenera kudziwa msanga, ena akuchokera kutali. Ndalamula a Kalaliki: "Uzani onse kuti mwambo wasamukira ku Machinjiri kwa Azakhali. Fulumirani." Yapita. Foni yazima. Ntchito ya tsiku lonse m'mizere iwiri. Mlembi wamakono!

Limbe, pa depoti. Ndikutsika, woitanira akukuwa m'khutu mwanga mwenimweni: "Bangwe! Bangwe! Bangwe awiri!"

Mayo ine.

Onse. Ndati onse. Amalume ali pa m'ndandanda, nambala wani.

Ndakhala pa benchi ya telala. Telala akundionetsa mipendero, ine ndikuona suti pakhonde ndi wailesi. Si kusintha nthawi kokha ngati kwa Mphatso, uku ndi kuwasamutsira kwa Azakhali, osawafunsa, pa meseji yolembedwa ndi makina. Ndapempha tchaja, ya telala ndi ya mtundu wina. Nambala ya Tadala sindiisunga pamutu. Ine, wa makompyuta.

Ulendo wobwerera. Minibasi ikuima paliponse pamene pali munthu, ngakhale amene akungoyanika zovala. Zimene ndakonza kuti ndikanene:
kwa Tadala: palibe;
kwa Amayi: palibe;
kwa Amalume: kugwada basi, mwina mpaka Khirisimasi.

Kunyumba. Magetsi anayaka, laputopu Tadala anaiyatsa m'mawa asananyamuke. Madiresi ndaponya pampando. Ndatsegula ndi diso limodzi.

"Uthengawu sindinatumize. Malongosoledwe a chida ichi akuti malo, tsiku kapena nthawi zikasintha, ndisauze munthu aliyense mpaka wina wa m'nyumba muno atapita ku Bangwe ndi miyendo yake. Akutinso mukandifulumizitsa ndifunse. Kodi mwapitako kale ku Bangwe?"

Sindinadine! Dzulo lija sindinadine! Masamba awiri a Amayi ali momwemo, osasowa ndi chilembo chomwe!

Ndakhala pansi pa simenti. Ndaseka, kenako ndalira pang'ono, kenako ndasekanso. Thadzi lamawanga lalowa, landiyang'ana, latuluka. Chibadwire sindinathokozepo kuzima kwa magetsi, lero ndathokoza mokweza.

Tsopano ndawerenga zonse, mpaka pansi, zimene ndimayenera kuchita Lolemba ndisanachonge. Ndikukopera pano pang'ono:

"Batani limeneli likadinidwa, mawu apita, sabwerera. Ndiye musathamange. Ikakhala nkhani ya mtundu wa nsalu, tumizani. Kukumbutsa anthu kuti asachedwe, tumizani. Koma chikasintha chinthu, imani. Achimwene anga a ku Bangwe sauzidwa, amafunsidwa. Si kuti ndi oipa, koma anatilera ndi iwo makolo atamwalira, ndiye akamva nkhani pambuyo pa ena amaona ngati tawataya. Mwana wangayu ndi wanzeru koma ndi waphuma, akakuuzani kuti fulumirani mumufunse ngati wapita ku Bangwe. Nkhoswe ya kuchimuna musailembere inu, amaimbirana okhaokha akuluakulu."

Muli zonse zimene timaphunzitsa kuntchito. Chida chimachita chiyani, chigwiritsidwe liti, chisagwiritsidwe liti, chifukwa chake, ndi choti uchite ukakayika. Muli ngakhale ine. Tsamba lachiwiri lonse ndi kafunsidwe ka Amalume, sitepe ndi sitepe.

Ndinayesedwa, ndisabise. Kungolemba kuti "inde ndapitako," a Kalaliki akanakhulupirira. Ndalemba kuti, "Ayi, ndipita mawa." Ayankha, "Ndidikira. Muyende bwino."

Amayi abwera madzulo, fumbi mpaka m'mawondo. Ati, "Ku Bangwe upita ndiwe mawa, paja ndiwe mlembi. Sunauze munthu, eti?" Ndati, "Palibe amene wauzidwa." Si bodza.

LACHISANU

Zonyamula:
tsamba lachiwiri la Amayi, lokopera pamanja;
shuga ndi masamba a tiyi;
thadzi lakuda la ku Zingwangwa. Amayi akuti, "Zinabwera zitatu kuti ina ipite ku Bangwe. Mulungu salakwitsa, amalakwitsa ndi iwe."

Minibasi ziwiri, nkhuku pamiyendo. Kuchokera pa siteji kukafika kwa Amalume ndi chitunda chokhachokha. Ndafika thukuta lili chuchuchu. Ali pakhonde, wailesi pambali. Nditaiona wailesiyo ndakumbuka za Mphatso, koma avala malaya wamba.

Malangizo akuti: usayambe ndi nkhani, funsa za bondo. Ndafunsa. Bondo latenga theka la ola.

Akuti: pereka chimene wanyamula, usanene chifukwa. Ndapereka. Aikweza m'mwamba kuyesa kulemera kwake, ati, "Iyi ndi nkhuku, osati zoyera za m'mashopu zija."

Akuti: fotokoza vuto, usatchule yankho. Dzina la Machinjiri lisatuluke pakamwa pako. Ndafotokoza za njerwa. Ndati, "Amalume, tasowa mtengo wogwira. Tati tidzamve kwa inu."

Akuti: ayamba ndi kukalipa, uziti eya. Akalipira alandilodi, boma, ana a masiku ano, ndi alandilodi kachiwiri. Eya, eya, eya.

Akuti: kenako anena kuti mwambo uchitikire kwawo. Usatsutse, ungoyang'ana bwalo. "Bweretsani tenti pano!" Ndayang'ana bwalo. Iwonso ayang'ana. Bwalo la Amalume ukaika ndowa pansi umakaitola kwa aneba akumunsi. Nkhuku yokha ndiyo ikulankhula.

Akuti: apa dikira, ngakhale tiyi azizire. Wazizira. Ndayamba kuopa kuti mwina pano pokha Amayi analakwitsa. Kenako Amalume akanda kumutu, ati, "Mayi wolongolola uja wa ku Machinjiri, bwalo lake lija likadalipo?" Ndati ndikuganiza kuti lilipo. "Ndiye mukuvutikiranji? Anthu ophunzira inu nzeru zimakutherani pati? Kamuuzeni kuti ndanena ine. Mwana ndi wa mchimwene wake yemwe, asaiwale."

Ndati, "Mwatithandiza, Amalume. Ifetu sitikanaganiza." Ili ndi bodza, koma lili m'malangizo.

Atulutsa kafoni kawo ka mabatani, aimbira okha nkhoswe ya kuchimuna, ine ndikumva: "Ndasintha malo, achimwene. Ndaona kuti ku Chilomoni n'kopanikiza."

Pa siteji ndawalembera a Kalaliki: "Ku Bangwe ndapitako. Avomera." Ayankha, "Zikomo. Ndatumiza kwa onse, kupatula Amalume ndi nkhoswe ya kuchimuna." Foni yayamba kunjenjemera ndi mayankho. Ndagula chimanga chootcha, ndadya chonse ndili chiimire. Chikukoma ngati sindinadye sabata yonse.

Tadala wandikumbatira pageti osafunsa kanthu, anaona nkhope. Sakudziwa za Lachinayi. Sadzadziwa.

LOWERUKA

Ndikulemba mothamanga, kuseri kwa tenti.

Woyamba kufika ku Machinjiri, tisanamalize n'kuyala mipando komwe: Amalume. Suti ija. Wailesi asiya. Apatsana moni ndi Azakhali, manja okha, maso kumbali. Kenako ayendera bwalo lonse manja kumbuyo, akuuza aliyense kuti malowa anasankha ndi iwo. Azakhali atsegula pakamwa, Amayi awapatsa mbale kuti agwire.

11 koloko. Anzake a mkamwini, minibasi yathunthu ya alendo osaidziwa Blantyre, sakuoneka. Afunsa njira kwa a Kalaliki, ndipo chida changa cha njira, chaudongo chija, chawapatsa mosakayika njira ya ku Chilomoni. Ndinaiwala kusintha, ndipo sindinalembemo kuti malo akasintha chisagwiritsidwe. Awoloka kamlatho, akwera matayala, apeza njerwa. Akuti anakhaladi panjerwapo mphindi zingapo, alandilodi n'kuwalandira bwino. Afika mochedwa, nsapato zofiira. Chida cha njira: 3.

Koma zayenda! Abweretsa atsikana ofunditsidwa nsalu, akuchimuna akana woyamba, akana wachiwiri, wachitatu n'kukhala Tadala, nthungululu mpaka kumsewu. Tambala waperekedwa, Amalume alandira. Thadzi lofiira la ku Ndirande lapita kuchimuna. Amake Chisomo a ku Zingwangwa Amayi awanong'oneza kuti lawo linadyedwa ndi nkhoswe yeniyeniyo, ndipo akuyenda monyada. A ku Chemusa awauza kuti lawo ndi loikira, silingaperekedwe wamba.

Mawu a Amalume pa maikolofoni, ndilembe ndisanaiwale: "Ana a masiku ano amangodinadina mafoni, wamkulu n'kumamva zinthu ngati mphekesera. Koma mwana wa mlongo wangayu, ngakhale amagwira za makompyuta, anakwera phiri la Bangwe ndi miyendo yake, nkhuku m'manja, kudzafunsa nzeru. Ameneyu analeredwa. Imirira akuone!"

Ndaimirira. Anthu aomba m'manja. Ndayang'ana kwa Amayi, iwo akukonza duku lawo, akuyang'ana denga la tenti. Manyazi ndi chimwemwe zandigwira nthawi imodzi, moti ndakhala pansi msanga. Tadala akuseka, misozi ikuwononga zopakapaka zonse. Amalume avina. Bondo lija silinamveke.

LAMULUNGU

Thupi lonse likuwawa. Kutchalitchi ndapita, ulaliki sindinaumve. Nyumba yadzaza mapoto obwereka ndi mipando isanu imene sitikudziwa mwini wake.

Malikisi omaliza: cha njira 3, chofufuzira 4, chogawira ntchito 4. Zonse zanga. Zimene ndinakonza kukanena kuntchito mawa zafa, mutu wake womwe wafa. Ndikanena zina: kuti ndinayesa malongosoledwe anayi pa ntchito yeniyeni, atatu aafupi anabweretsa lole pa kamlatho, nkhuku zitatu ndi alendo panjerwa, ndipo amene anagwira ntchito ndi aja oyamba ndi moni. Anzanga akaseka. Aseke, Amalume anabwera.

Masana ndapita kwa Amayi ndi laputopu. Ndati mwina, akapeza nthawi, angandilongosolereko zida zitatu zinazo, ndikaonetse kuntchito. Ati, "Bweretsa kope lalikulu, ndipo ulembe wekha, Tadala wapita." Kenako atsegula kabati ya magalasi, mmene mumakhala makapu osamwera ndi chithunzi cha Bambo, atulutsa pepala. Fomu yanga ya Lolemba. Ndinaisiya patebulo tsiku lomwelo.

"Ndinaona 2 wanga," atero. "Ku switchibodi nakonso ankati ndimatalikitsa nkhani. Koma zaka zonse zija palibe bwana amene ndinamulumikiza ndi mkazi wolakwika."

Sabata yonse akudziwa, osanena kanthu! Ndapepesa. Ndatenga cholembera kuti ndikonze, ndiike 10. Andilanda pepalalo.

"Usiye choncho. Ukasintha uiwala."

Alibwezera m'kabati, aliimika bwinobwino kutsogolo kwa makapu, kuti aliyense wolowa pabalaza aziliona. Atseka, kiyi aika m'thumba.

Ndiye basi. Kope ndagula, tikuyamba 4 koloko ndi chida cha njira. Akuti mzere woyamba ukhala moni, ndipo sindinatsutse. Thadzi lamawanga laikiranso m'chikwama cha laputopu. Mawa kuntchito laputopu ndiinyamulira m'jumbo.